Kuyenda Pagulu ku Moscow, St Petersburg ndi Kazan: Zokonzekera ndi Malo Atsopano Oyenera Kuwaona

Munthu mmodzi akaphonya sitima ku Moscow amangodikira ina. Anthu 20 akaiphonya, tsiku lonse lapita, chifukwa mipando 20 m'sitima yotsatira sipezeka wamba, ndipo matikiti a kumalo amene amayenera kukafika masana amakhala atapsa. Ku Russia zinthu zikuluzikulu zimayendera dzina ndi ola. Tikiti ya sitima imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti, hotela imalembetsa mlendo aliyense kuboma, ndipo malo otchuka amalowetsa anthu pa nthawi yolembedwa pa tikiti. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira mfundo imodzi: tsiku lililonse likhale ndi malo amodzi okha a nthawi yoikika, maola otsalawo muwathere m'malo atsopano otakasuka amene mizindayi yamanga posachedwapa, kumene gulu likhoza kumwazikana n'kukumananso popanda wina kupsa mtima.

Mapepala ayambe

Viza ya alendo imafuna chikalata chochokera ku kampani yolandira alendo yovomerezeka ku Russia, chotsimikiza kuti yakulandirani. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku limene viza idzathere, komanso masamba awiri opanda chidindo. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2023 kuli viza ya pa intaneti, koma ndi ya nzika za mayiko amene ali pa mndandanda okha, ndipo imagwira ntchito pa zipata zina, osati zonse. Ngati m'gulu muli anthu a mapasipoti a mayiko osiyana, fufuzani za aliyense payekha.

Samalani masiku a viza. Ikathera pa 20, ndege yanu n'kunyamuka 00:30 pa 21, mukhoza kulowa m'mavuto ngakhale munafika pabwalo la ndege madzulo a pa 20. Pemphani viza yopitirira ndi masiku awiri kapena atatu.

Polowa m'dziko aliyense amapatsidwa kapepala kakang'ono ka olowa ndi kutuluka. Kamaoneka kopanda ntchito, ndipo anthu amakataya pamodzi ndi tikiti ya ndege. Popanda iko hotela imavuta kumulandira munthu. Mtsogoleri wa gulu ajambule kapepala ka aliyense pomwepo, musanakwere basi. Hotela iliyonse yatsopano imalembetsanso alendo ndipo imapereka kachikalata kake. Nako kasungeni m'pasipoti. Pa mabwalo a ndege a ku Moscow amajambula nkhope ndi zala za alendo kuyambira Disembala 2024, choncho gulu lalikulu silituluka msanga. Uzani woyendetsa basi yodzakutengani kuti adikire maola awiri kuchokera pamene ndege yatera.

Ntchito yotopetsa koma yopulumutsa ndi iyi: lembani mndandanda umodzi wa maina ndi manambala, pokopera m'mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi la pasipoti, osati zimene munthu watumiza pafoni. Anthu awiri auwerenge paokhapaokha. Chilembo O ndi nambala 0 zimasokonezeka kawirikawiri. Pakhomo la bogi iliyonse pamaima wantchito amene amafananiza pasipoti ndi zimene zili m'kamakina kake, ndipo zolakwika zikachuluka amakana kumukweza munthu.

Ndalama ndi foni

Makhadi a Visa ndi Mastercard ochokera ku mabanki a kunja sagwira ntchito ku Russia kuyambira Malichi 2022, kaya m'sitolo kaya pa makina otapira ndalama. Booking.com ndi Airbnb, makampani osungitsira malo ogona pa intaneti, nazo zinasiya. Zikuluzikulu, monga hotela, sitima, basi ndi matikiti olowera, zilipireni kudzera ku kampani yokulandiraniyo. Za m'thumba tengani madola kapena mayuro a pepala, atsopano, osang'ambika, osalembedwa, chifukwa mabanki amakana okutha kapena amawagula motsika. Sinthani ku banki, pasipoti ili m'manja.

Pali msampha umene umakola magulu okha. Ndalama za pepala zoposa madola 10,000 ziyenera kulengezedwa pachipata. Munthu payekha safikapo kawirikawiri, koma msungichuma amene wasenza ndalama za anthu 20 amapitirira osadziwa. Aliyense anyamule zake, apo ayi msungichumayo adutse pa njira yofiira, ya anthu amene ali ndi zolengeza, n'kudzaza fomu.

Simu khadi ya ku Russia siigulikanso mosavuta. Kuyambira Januwale 2025 mlendo amayenera kulembetsa nkhope ndi mawu ake komanso kukhala ndi nambala ya boma asanaigule, ndipo zimenezi sizitheka pa ulendo wa sabata imodzi. Facebook ndi Instagram zinatsekedwa mu 2022, ndipo kuimbirana pa WhatsApp kunayamba kuvuta mu 2025. Intaneti ya m'foni imazimitsidwa nthawi zina chifukwa cha ma drone, tindege topanda munthu m'kati, ndipo pakatikati pa Moscow, pafupi ndi Kremlin, linga lakale limene muli ofesi ya pulezidenti, foni imatha kukuonetsani kuti muli kutali ndi pamene mwaima. Tsitsiranitu mapu a Yandex Maps kapena 2GIS kuti azigwira ntchito popanda intaneti. Koposa zonse, aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembedwa dzina ndi adiresi ya hotela m'zilembo za Chirasha, nambala ya woperekeza gulu, ndi 112, nambala ya pangozi.

Ndege zambiri zochokera ku Africa zimadzera ku Addis Ababa, Cairo, Dubai, Doha kapena Istanbul. Mabwalo a ndege a ku Russia amatsekedwa mwadzidzidzi kwa maola angapo pakakhala chiopsezo cha ma drone. Choncho tsiku lofika musaikepo tikiti ya nthawi yoikika, ndipo pakati pa mizinda sankhani sitima.

Moscow: siyani basi, tsikirani pansi

Basi imaoneka yabwino kwa gulu, koma masana misewu ya ku Moscow imathinana kwambiri. Igwiritseni ntchito pochoka ndi popita kubwalo la ndege ndi kusiteshoni, pamene muli ndi zikwama. Kwina konse yendani pa metro, sitima ya pansi pa nthaka, imene inatsegulidwa mu 1935 ndipo imayenda kuyambira cha m'ma 5:30 m'mawa mpaka 1 koloko usiku. Aliyense akhale ndi khadi yakeyake yolipirira ulendo, yotchedwa Troika. Pewani 8 koloko mpaka 9:30 m'mawa ndi 5:30 mpaka 7 koloko madzulo.

Anthu 20 sangalowe pa chitseko chimodzi zitseko zisanatsekeke. Gawanani m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu, kagulu kalikonse pa chitseko chake. Gwirizanani lamulo ili musanatsike: amene watsala aime pomwepo, amene watengedwa yekha atsike pa siteshoni yotsatira n'kudikira pakatikati pa holo, malo amene eni mzinda amakumanirana. Sitima zimabwera mphindi ziwiri zilizonse, ndiye kupezana sikuchedwa. Pa masitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere n'kwa othamanga. Makomo otulukira ali ndi manambala, ndipo kulakwitsa khomo kukhoza kukutulutsani tsidya lina la msewu wa mizere 8. Kanthu kena kothandiza amene sawerenga Chirasha: mawu a mwamuna akamalengeza masiteshoni ndiye kuti mukulowera pakati pa mzinda, a mkazi ndiye kuti mukutulukamo.

Masiteshoni akale monga Komsomolskaya ndi Mayakovskaya aliyense amawadziwa. Atsopano ali pa njanji yaikulu yozungulira, Bolshaya Koltsevaya, imene inamalizidwa mu Malichi 2023, ndipo pa nthawiyo inali ndi makilomita 70 ndi masiteshoni 31. Kuizungulira yonse n'kutaya ola ndi theka. Sankhani atatu. Ku Nagatinsky Zaton makoma ali ndi nsomba zikuluzikulu zopangidwa ndi timiyala tamitundumitundu. Ku Maryina Roshcha masitepe oyenda okha ndi a mamita 130, ndipo ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba anthu a kumapeto amaoneka ngati nyerere. Michurinsky Prospekt ndi yofiira, yokongoletsedwa mwa Chitchaina.

Kremlin imatsekedwa Lachinayi, ndipo Armoury, mosungira zisoti za mafumu, imalowetsa anthu pa maola oikika. Imeneyo ndiyo tikiti ya tsikulo. Mukatuluka, dutsani bwalo lalikulu la Red Square, tsikirani kuseri kwa tchalitchi cha St Basil, mulowe m'paki ya Zaryadye. Inatsegulidwa mu Seputembala 2017 pamalo pamene panali hotela yaikulu ya Rossiya, ndipo kulowa n'kwaulere. Anaibzala motsanzira madera a dzikolo: nkhalango, dambo, chigwa cha udzu ndi dera lozizira la kumpoto. Chokoka anthu ndi mlatho wooneka ngati chilembo V, wotulukira mamita 70 pamwamba pa mtsinje wa Moskva popanda mzati pansi pake. Pansonga pake pamapanikizana ojambula, choncho pitaniko anthu asanu asanu. Apa mpamene mungapatse gulu ola lathunthu laufulu n'kungotchula malo okumanirana.

Tsidya la mtsinje kuli GES-2, nyumba yakale yopangira magetsi imene Renzo Piano, katswiri wa zomangamanga wa ku Italy, anaisandutsa malo a zaluso, yotsegulidwa mu Disembala 2021. Mudzaizindikira ndi mapaipi ake aatali abuluu. M'kati ndi moyera, mowala, mofunda, malo abwino othawirako mvula kapena chisanu, koma lembetseranitu pa intaneti.

Nsanja za magalasi za m'dera la zamalonda la Moscow City zimafuna kuyang'ana kumwamba musanalipire. Federation Tower ndi ya mamita 374, ndipo malo oonera mzinda a Panorama360 ali pa nsanjika ya 89. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale mitambo imatsika n'kuphimba nsonga za nsanjazi, moti mukhoza kulipira n'kukaona nkhungu yokhayokha. Nthawi yabwino ndi pamene dzuwa likulowa, koma dziwani ola lake: mu Disembala limalowa cha m'ma 4 koloko masana, mu Juni limapitirira 9 koloko usiku.

Ndikanati ndisankhire gulu malo amodzi ku Moscow, ndikanatchula VDNKh. Ndi bwalo la zionetsero la mu 1939, la mahekitala oposa 200, ndipo zakale ndi zatsopano zili khomo ndi khomo. Nyumba ya Kosmos inatsegulidwanso mu 2018 ndipo muli zombo za m'mlengalenga za msinkhu weniweni. Nyumba ya Atom, ya mu Novembala 2023, imafotokoza mbiri ya mphamvu ya nyukiliya, ndipo mbali yaikulu ili pansi pa nthaka. Pambali pa bwaloli pali gudumu lalikulu lokweza anthu m'mwamba la Solntse Moskvy, la mamita 140, la mu 2022, limene limazungulira kamodzi pa mphindi pafupifupi 18. Vuto la VDNKh ndi mtunda. Kuchokera pachipata chachikulu kukafika ku Kosmos ndi ulendo wa miyendo ndithu, ndipo achikulire amafika atatheratu. Sankhani nyumba ziwiri zokha, ndipo musapite Lolemba chifukwa zambiri zimakhala zotseka.

Maboti amagetsi anayamba kuyenda pa mtsinje mu 2023, chaka chonse, ndipo amalipiridwa ndi Troika yomweyo. Ndi ang'onoang'ono, ndiponso ndi a aliyense, choncho gulu lalikulu ligawike pawiri. Gulu la ana lipite ku Ostrov Mechty, paki ya masewera ya m'nyumba ya mu 2020, pafupi ndi siteshoni ya Tekhnopark.

Pa njanji

Sitima yothamanga ya Sapsan imayenda makilomita pafupifupi 650 pakati pa Moscow ndi St Petersburg m'maola anayi. Ku Moscow imanyamukira ku siteshoni ya Leningradsky. Pabwalo lomwelo la Komsomolskaya pali masiteshoni ena awiri, Yaroslavsky ndi Kazansky, ndipo kusokoneza n'kosavuta. Safunsa adadya phula: onetsani tikiti kwa wantchito musanalowe pamzere. Zikwama zonse zimadutsa pa makina ounikira, ndiye gulu lifike patatsala mphindi 50. Anthu 10 kapena kuposerapo akhoza kupempha matikiti a gulu ku kampani ya njanji ya RZD, ndipo matikiti a sitima zambiri amayamba kugulitsidwa patatsala masiku 90. Mitengo imakwera mipando ikamatha.

Sitima ya usiku imapulumutsa ndalama za hotela. Bogi ya kupe ili ndi zipinda 9 za mabedi anayi, awiri pansi awiri pamwamba, anthu 36 onse pamodzi. Ya platskart ndi yotsika mtengo, ya mabedi 54 opanda zitseko. Gawani zipinda musanagule, amayi paokha abambo paokha, achikulire pa mabedi apansi, amene ali ndi manambala 1, 3, 5 ndi otero. Choipa chake n'chakuti mumafika mbandakucha pamene hotela imapereka zipinda 2 koloko masana. Gwirizanani ndi hotela za posiya zikwama ndi chakudya cha m'mawa.

St Petersburg

Hermitage, nyumba yaikulu ya zionetsero za zaluso, imatsekedwa Lolemba, ndipo ndiyo tikiti ya tsiku lake. Maola atatu akwana. Kupitirira apo anthu amangokoka miyendo. Wofotokozera ayenera kukhala wovomerezeka ndi nyumbayo. Pemphani timawailesi ta m'khutu, chifukwa m'zipinda zodzaza anthu atatu akutsogolo okha ndi amene amamva.

Masana ake pitani ku New Holland, kachilumba kamene kale kanali mosungira matabwa opangira zombo ndipo kanatsegulidwanso mu 2016 ngati paki. M'nyumba yozungulira imene inali ndende muli malo odyera ambiri, aliyense amasankha chake. Sevkabel Port, pa chilumba cha Vasilyevsky, ndi fakitale yakale ya mawaya m'mphepete mwa nyanja, malo a achinyamata, oyenera madzulo. Kuchokera pamenepo mumaona mlatho waukulu wa msewu wodutsa pamwamba pa madzi. Lakhta Center, nsanja ya mamita 462 imene ili yaitali kuposa nyumba zonse ku Ulaya, imaoneka bwino mukaima pa mchenga wa paki ya zaka 300 za mzindawu, pafupi ndi siteshoni ya Begovaya. Kumeneko mphepo ya kunyanja imaluma ngakhale mu Julayi.

Malo amene magulu amawanyozera n'kudzawakonda ndi Grand Maket Rossiya. Ndi chifaniziro cha madera a dziko la Russia pa masikweya mita 800, zinthu zake zochepetsedwa ka 87, chokhala ndi timasitima toyenda, timagalimoto toyatsa nyali, ndi usiku umene umagwa pakapita mphindi zingapo. Ana ndi agogo amatulukamo mokakamizidwa.

Milatho ya pa mtsinje wa Neva imatukulidwa usiku kuyambira Epulo mpaka Novembala kuti zombo zidutse, cha m'ma 1 koloko mpaka cha m'ma 5 koloko m'mawa. Kuonerera n'kokoma, koma imani tsidya limene kuli hotela yanu, chifukwa nthawi imeneyo metro imakhala itatseka. Kupita ku akasupe a Peterhof pa boti lothamanga la Meteor ndi mphindi 40 kapena kucheperapo, koma mphepo ikakula mabotiwa amaimitsidwa, ndiye basi ikhale yokonzeka. Akasupewo amagwira ntchito m'miyezi yofunda yokha. Mu Juni usiku sikuda kwenikweni, anthu amalephera kugona, ndipo mahotela amakwera mtengo kwambiri, makamaka sabata ya msonkhano waukulu wa zachuma. Kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Seputembala n'kwabwino kwa gulu losunga ndalama.

Kazan, ndi ina iwiri mwachidule

Kazan, likulu la Tatarstan, ili makilomita pafupifupi 800 kum'mawa kwa Moscow, usiku umodzi pa sitima yochokera ku Kazansky. Mkati mwa Kremlin yake mzikiti wa Kul Sharif, wotsegulidwa mu 2005, waima pafupi ndi tchalitchi chakale cha Orthodox. Amayi atenge mpango wa kumutu wolowera monse muwiri, ndipo Lachisanu masana asiyireni opemphera. Tsidya la mtsinje wa Kazanka kuli nyumba yomangitsira maukwati ya mu 2013, yomangidwa ngati mphika waukulu pamoto, pokumbukira dzina la mzindawu, limene limatanthauza mphika. Padenga pake mpamene Kremlin imaoneka yonse. Makilomita 40 kunja kwa mzinda kuli Innopolis, tauni yatsopano ya akatswiri a makompyuta, yoyenera gulu la ophunzira. Kumafunika kupangana nawo pasadakhale. Kwa Asilamu a m'gulu, chakudya cha halaal chimapezeka paliponse kuno. Lawani echpochmak, buledi wa nsonga zitatu wokhala ndi nyama ndi mbatatesi m'kati. Masiku awiri akwana.

Nizhny Novgorod ili maola anayi kuchokera ku Moscow, ndipo ili ndi tingolo ta pachingwe towoloka mtsinje wa Volga kupita ku Bor. Sochi, kumene kunachitikira masewera a Olimpiki a mu 2014, ndi ulendo wapawokha: mzindawu unatambalala m'gombe, ndipo bwalo la Olimpiki ndi mapiri a Krasnaya Polyana zili kutali ndi pakati pake, choncho gonani ku Adler kapena Sirius, pafupi ndi bwalolo. Kuuphatikiza mu sabata imodzi ndi mizinda inayo n'kudzizunza.

Kudya, kuvala ndi lamulo

Anthu 20 akakhala mu lesitilanti aliyense n'kuitanitsa chake, maola awiri amatha. Nkhomaliro idyereni mu stolovaya, malo amene munthu amatenga thireyi n'kumaloza chimene akufuna, kapena gwirizanani chakudya chimodzi pasadakhale. Osadya nkhumba alembedwe maina, chifukwa imalowa mu pelmeni, timibulu ta ufa tokhala ndi nyama m'kati, ndi m'masupu ambiri osaoneka.

M'nyengo yozizira nyumba za zionetsero zimafuna kuti makhoti asiyidwe pa malo osungira, ndipo munthu amalandira kachitsulo kapena kapulasitiki ka nambala. Kwa gulu zimenezi zimadya mphindi 15 polowa ndi zina potuluka. Ziwerengereni pa ola la tikiti. Valani zovala zosanjikiza, chifukwa kunja kumazizira koopsa pamene m'nyumba ndi mu metro mumatentha. Nsapato zikhale zosaterera pa ayezi. M'chilimwe madzi otentha amatsekedwa kwa masiku angapo dera ndi dera pokonza mapaipi, ndiye funsani hotela yaing'ono ngati ili ndi chotenthetsera chakechake. Kumayambiriro kwa Meyi Red Square imatsekedwatsekedwa pokonzekera perete wa pa 9.

Musajambule asilikali, apolisi kapena malo achitetezo, ndipo drone isiyeni kunyumba. Kuyambira 2022 pali lamulo lolanga kunyoza asilikali a dzikolo, ndipo limakhudza ngakhale zolemba pa intaneti. Gulu liuzidwe zimenezi poyera lisananyamuke. Mankhwala okhala ndi codeine kapena tramadol amafuna kalata ya dokotala yomasuliridwa m'Chirasha ndi kulengezedwa pachipata. Funsani aliyense mwamseri zimene amamwa.

Tsiku lobwerera, onetsetsani bwalo la ndege lolembedwa pa tikiti. Sheremetyevo ili kumpoto, Domodedovo kum'mwera, Vnukovo kum'mwera chakumadzulo, ndipo kuchoka pa lina kupita pa linzake kukhoza kudya maola awiri. Sitima ya Aeroexpress yopita ku Sheremetyevo imadzera ku siteshoni ya Belorussky, ya ku Domodedovo imanyamukira ku siteshoni ya Paveletsky, pamene ku Vnukovo metro imafika kuyambira 2023. Ma ruble, ndalama za ku Russia, akatsala asinthitseni dzulo lake ku banki ya mumzinda, chifukwa kunja kwa Russia ndi ochepa amene amawalandira. Ndipo basi isananyamuke pa hotela, mtsogoleri adutse mpando ndi mpando, aliyense aonetse pasipoti yake ndi kapepala kaja ka pachipata, poti amakafuna potuluka.